Kompyuta ikuzima yokha ndikalowa gemu, ndigule RAM?

Wa ku Chilomoni: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Kompyuta yanga ili ndi purosesa ya Ryzen 5 5600G pa motherboard ya B450, RAM ndi ka 8GB kamodzi ka DDR4. Achimwene anga anditumizira kadi ya zithunzi (graphics card) ya RX 6600 kuchokera ku Joni. Ndaiika, madiraiva ndalowetsa, Windows ikuyenda bwinobwino. Koma ndikalowa gemu yolemera, pakapita kanthawi kompyuta ikumangozima n'kuyakanso yokha, popanda blue screen kapena uthenga uliwonse. Mnzanga akuti RAM yachepa. Pali wina akugulitsa RAM ya 16GB ya liwiro la 3600, yokhala ndi timagetsi tamitundumitundu tija. Ndalama yomwe ndili nayo ikungokwana chinthu chimodzi basi. Ndigule?

Wa ma FPS: Gula aise, usachedwe. 8GB masiku ano ndi yochepa, Windows ndi Chrome zokha zimadya theka. Komanso Ryzen imakonda RAM yothamanga.

Mkonzi wa ku Limbe: Dikirani kaye achimwene, ndalamayo isatuluke m'thumba. RAM ikachepa gemu imadukaduka, imachedwa kutsegula, mwinanso imadzitseka n'kukubwezani pa desktop. Koma kompyuta yonse kuzima ngati wina wazula pulagi, limenelo si khalidwe la RAM yochepa. Power supply yanu, bokosi lomwe limagawa magetsi mkati mwa kompyuta, ndi ya mtundu wanji?

Wa ku Chilomoni: Inabwera limodzi ndi kesi. Pamwamba alembapo 500W.

Mkonzi wa ku Limbe: Tsegulani mbali ya kesi muwerenge sitika yomwe ili pa power supply. 500W yolembedwa mwakulukuluyo isiyeni, yang'anani timabokosi ta manambala. Pansi pa +12V alemba ma A angati? Ndiuzeninso kuti waya yemwe walowa pa kadi wachokera kuti.

Wa ku Chilomoni: Pa +12V alemba 20A. Waya wa kadi panalibe, ndiye ndinagula ka adaputa kochoka pa pulagi ya SATA, ija ya ma disk, kupita pa 8-pin ya kadi.

Mkonzi wa ku Limbe: Zimitsani kompyutayo lero lomwe, musaseweretsenso gemu mpaka zimenezi zitakonzedwa. Ndifotokoze bwino chifukwa nkhani imeneyi ndimakumana nayo kawirikawiri pa ntchito yanga.

Purosesa ndi kadi zonse zimadya magetsi a 12V. Mukachulukitsa 12 ndi 20 mupeza 240W. Imeneyo ndiyo mphamvu yeniyeni yomwe bokosi lanulo likulonjeza kumbali yomwe ikufunika. Kuti afike pa 500W aphatikiza ndi 3.3V ndi 5V, zomwe makompyuta a masiku ano sagwiritsa ntchito kwambiri. Tsopano RX 6600 imafuna 132W ikamagwira ntchito yolemera, 5600G imatha kukoka mpaka 88W. Mwafika kale pa 220W musanawerengere motherboard, ma disk ndi mafani. Ndipo kadi siikoka magetsi mofanana nthawi zonse, imatha kulumpha mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa kwambiri. Ikalumpha choncho 12V imagwa, kompyuta n'kuzima.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ka adaputako. Pulagi ya SATA inapangidwa kuti izinyamula 54W yokha pa 12V, pomwe 8-pin ya kadi inapangidwira 150W. Timapini ta SATA n'tating'ono, timatentha, pulasitiki imasungunuka. Ndaonapo makesi akuda bii mkati chifukwa cha tima adaputa timeneti.

Wa ku Chilomoni: Eee, ndazimitsa akulu. Ndagwira ka adaputa kaja, n'kofunda ndithu ndipo pulasitiki yasintha mtundu mbali imodzi.

Wa ku Joni: Wapulumuka mfana. Kadi imeneyo AMD imanena kuti ikhale ndi power supply yosachepera 450W, koma amatanthauza 450W yoona, osati ya pa sitika.

Wa ma FPS: Chabwino, ndavomera. Ndiye agule ya 850W kapena 1000W kamodzin'kamodzi, asadzavutikenso mtsogolo.

Mkonzi wa ku Limbe: Ayi. Kompyuta iyi siifika ngakhale 300W. Ya 550W kapena 650W ya kampani yodziwika ikwana, malo n'kutsalanso oti adzakweze kadi. Ndalama ya 1000W yotchipa ndi bwino kugulira 550W yabwino. Pa yabwino mudzaona kuti 12V yokha ikupereka pafupifupi mphamvu yonse yolembedwa pa bokosi, mwachitsanzo 45A pa 550W. Muonenso kuti alemba zodzitetezera izi: OVP, UVP, OCP, OPP ndi SCP. Zimenezi ndizo zimaizimitsa magetsi akakwera, akatsika, akakokedwa mopitirira muyezo kapena mawaya akagundana. Yotchipa ikamafa imapita ndi motherboard, nthawi zina ndi disk yomwe. Yabwino imafa yokha.

Wa ma FPS: Bola ikhale 80 Plus Gold basi, ndiye kuti ndi yapamwamba.

Madala a DDR2: Mwana wanga, 80 Plus siiyeza ubwino wa zipangizo za mkati. Imayeza kuti pa magetsi omwe alowa kuchokera pakhoma, ndi ochuluka bwanji omwe afikadi ku kompyuta osasanduka kutentha. Yongolembedwa 80 Plus ndiye kuti osachepera 80 peresenti, Bronze imaposa pamenepo, kenako Silver, Gold, Platinum, Titanium. Zimathandiza pa mayunitsi a magetsi komanso pa kutentha, koma sizikuuzani ngati ma capacitor ake, tizipangizo tosunga magetsi mkatimo, adzapirire zaka zisanu. Ziliponso zina zomwe amangomata sitika ya 80 Plus zisanayezedwe n'komwe. Ine ndimayang'ana zaka za waranti, komanso ngati alemba kuti mphamvuyo imatuluka pa kutentha kwa 40 kapena 50 digiri. Zotchipa zambiri amaziyeza pa 25 digiri. Ganizirani mkati mwa kesi mwezi wa Okutobala, m'chipinda cha malata, fumbi litadzaza pa fani.

Wa ku Joni: Kuno ma Corsair, Seasonic, Cooler Master ndi FSP ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka motchipa. Nditha kufufuza n'kupatsira wa basi.

Mkonzi wa ku Limbe: RAM yakale ndimagula mosaopa, purosesa yakale chimodzimodzi, chifukwa zimenezo kawirikawiri zimagwira kapena sizigwira, ndipo umaziyesa pomwepo. Power supply yakale ndi nkhani ina. Ma capacitor amatopa pang'onopang'ono, kunja sikuoneka kanthu, ndipo sudziwa kuti mwini wake ankaikokera motani.

Wa ku Joni: Komatu akulu, si aliyense angakwanitse yatsopano. Yabwino ya zaka ziwiri yokhala ndi lisiti ndi waranti yotsala, ine ndingaisankhe kusiyana ndi yatsopano yopanda dzina.

Mkonzi wa ku Limbe: Pamenepo tikugwirizana. Ngati lisiti ilipo ndipo zaka zake zikudziwika, palibe vuto. Koma ikakhala ya modular, ija mawaya ake amazuka, onetsetsani kuti mawaya ndi ake enieni. Mawaya a kampani ina amalowa bwinobwino pa bowo, koma kumbali ya power supply mapini amayalidwa mosiyana. Mutha kutumiza 12V pomwe pamafunika 5V, ma disk onse n'kupsa nthawi imodzi.

Wa ku Chipata: Ndiwonjezereko za mapulagi. Ya ku Joni ibwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira. Kuno ku Zambia ndi kwanu ku Malawi masoketi ambiri ndi a mano afulati ngati a ku Britain, magetsi ndi 230V. Musamakakamize ndi tima adaputa togwedera, ingogulani chingwe china, n'chofanana ndi cha monita zambiri. Ndipo amene amalandira makompyuta ochokera ku America ayang'ane kumbuyo ngati kuli ka switch kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kakakhala pa 115 inu n'kulumikiza, power supply imaphulika nthawi yomweyo. Ma power supply atsopano olembedwa active PFC alibe ka switch kameneka, amalandira kuyambira 100 mpaka 240V okha.

Wa ku Chilomoni: Nanga UPS, bokosi la batire lija loti kompyuta isazime magetsi akazima? Kwathu magetsi amazimazima, ndipo madzulo mababu amachita kufooka.

Mkonzi wa ku Limbe: Funso labwino kuposa la RAM lija. Pa UPS nambala yomwe amalemba kutsogolo ndi VA, osati ma watt. Ya 650VA nthawi zambiri imanyamula 360W kapena kuposa pang'ono, mkati muli batire limodzi la 12V 7Ah. Kompyuta yanu ndi monita mukusewera gemu zili pafupi ndi malire amenewo, batire silingakhalitse. Ya 1000VA kupita m'mwamba ndiyo ingakupatseni mpata wosunga ntchito n'kuzimitsa mwadongosolo. Ntchito ya UPS ndi yomweyo, si yopitirizira gemu magetsi atazima. Sankhani yokhala ndi AVR, imakweza magetsi akafooka madzulo popanda kudya batire.

Ngati ndalama ya UPS palibe pakadali pano, gulani ka voltage guard konga ka pa filiji. Magetsi akabwera kamadikira kaye mphindi zingapo kasanalole kuti adutse. Zinthu zambiri zomwe anthu amandibweretsera zitapsa zinapsa pobwera magetsi, osati pozima.

Madala a DDR2: Pa UPS ndi ma inveta a sola pali kanthu kena. Otchipa amatulutsa magetsi a modified sine wave, omwe si osalala ngati a pakhoma, ndipo ma power supply ena a active PFC sagwirizana nawo, amalira kapena kuzima nthawi yomwe UPS yalanda ntchito. Si onse, koma musanalipire pemphani kuti muyese: yatsani gemu, zulani pulagi ya UPS pakhoma, muone ngati kompyuta ikhalabe yoyaka. Amene muli ndi sola, inveta ikhale ya pure sine wave.

Wa ku Chipata: Komanso earth. Nyumba zambiri za lendi waya wa earth anangousiya osaulumikiza. Ukagwira kesi n'kumva kunyerenyetsa, itana wa magetsi. Surge protector siiteteza mokwanira ngati earth palibe. Ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba, palibe choposa kuzula pulagi pakhoma, limodzi ndi waya wa rauta.

Wa ma FPS: Zonsezi ndamva, koma pa RAM sindinaname ayi. Ka 8GB kamodzi pa Ryzen n'kuipondereza.

Madala a DDR2: Sunaname, unangoyamba ndi chachiwiri. Vuto lalikulu ndi loti ndi kamodzi. Purosesa imeneyi ili ndi njira ziwiri zolankhulira ndi RAM, ndipo ukaika kamodzi njira inayo imangokhala. Zili ngati pa kiosiki ya madzi pomwe pali mipope iwiri koma atsegula umodzi, mzere wa zidebe umatalika pomwe madzi alipo. Tiwiri ta 8GB timaposa kamodzi ka 16GB pa chifukwa chimenechi. Pa motherboard ya malo anayi, kawirikawiri mumaika pachiwiri ndi pachinayi kuwerenga kuchokera ku purosesa, omwe amalembedwa A2 ndi B2. Onani kabuku kake kuti mutsimikize.

Za 3600 zija, musamaone nambala imodzi yokha. Pali inanso ya CL, yoonetsa kuti RAM imadikira motani isanayankhe. Tengani CL muchulukitse ndi 2000, mugawe ndi liwiro. 3200 CL16 ikupatsani ma nanosekondi 10. 3600 CL18 ikupatsaninso 10. Ngakhale DDR5 ya 6000 CL30 ndi 10 yemweyo. Ya 3600 imanyamula zambiri pang'ono pa sekondi, koma pa gemu ndi kadi ngati RX 6600 kusiyanako n'kochepa moti ndi maso simungakuone. Timagetsi tamitundu tija sitiwonjezera chilichonse pa liwiro.

Ndinayamba zimenezi nthawi ya DDR2, pomwe OCZ inali dzina lalikulu. Ankagulitsa RAM yovekedwa zitsulo zonyezimira, ina yotchedwa Reaper inali ndi kapaipi kochotsa kutentha pamwamba, ankapanganso ma power supply ndi ma flash otchedwa Rally. Mu 2007 anagula kampani ya ma power supply ya PC Power & Cooling, mu 2011 anasiya RAM kuti alimbikire ma SSD, pofika kumayambiriro kwa 2014 Toshiba inali itagula mbali yake ya ma SSD kampaniyo itagwa. Dzina la pa chitsulo limasintha, koma tima chip ta mkati pafupifupi tonse timachokera ku makampani atatu, Samsung, SK Hynix ndi Micron. Corsair, G.Skill ndi Kingston amagula kumeneko, n'kusankha tomwe tikupirira liwiro lalikulu.

Wa ku Chilomoni: Madala, ka RAM kanga pa sitika alemba 3200, koma Task Manager ikuonetsa 2400. Anandibera?

Madala a DDR2: Sanakubereni. RAM yotere imayamba pa liwiro lotsika mpaka mutailamula mu BIOS, menyu ya motherboard yomwe mumalowa kompyuta ikamayaka. Fufuzani XMP, yomwe imayendetsa RAM pa liwiro la pa sitika, pa ma ASUS a AMD amalemba DOCP, pa MSI A-XMP. Mukayatsa ikwera pa 3200, magetsi ake achoka pa 1.2V kufika 1.35V, zomwe ndi zabwinobwino. Amene muli pa DDR5 ndi motherboard za AM5, yanu imatchedwa EXPO. Koma chitani zimenezi power supply yatsopano italowa, musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mukatero muyendetse pulogalamu yoyesa RAM ya MemTest86 usiku wonse. Ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi, bwezani liwiro pansi. CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zipangizo za mkati mwa kompyuta, ikakuonetsani 1600 musadabwe, imaonetsa theka, 1600 ndiye 3200 yomweyo.

Mukadzapeza ndalama, tsegulani CPU-Z pa tsamba lolembedwa SPD, lembani part number ya kanu, mufufuze kofanana nako. Kosiyana kamathanso kugwira, koma tonse tiwiri timatsikira pa liwiro la kochedwako, ndipo nthawi zina XMP imakana.

Mlongo wa Mavidiyo: Pepani ndilowerere, poti akatswiri muli pompano. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Ndinagula flash ya 256GB kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, mtengo unali wabwino kwambiri. Ndakopera mavidiyo a kasitomala, oyambirira akutseguka, koma otsatira onse akukana ngakhale mayina ndi kukula kwake zikuoneka bwinobwino. Ndi vairasi?

Mkonzi wa ku Limbe: Achemwali, choyamba, mavidiyo enieniwo akadali pa memory card ya kamera kapena pa kompyuta?

Mlongo wa Mavidiyo: Ali pa laputopu, sindinafufute.

Mkonzi wa ku Limbe: Mtima pansi ndiye. Musafufute. Zizindikiro zimenezo ndi za flash ya feki. Mkati muli ka chip kakang'ono, mwina 16GB kapena 32GB, koma anakasintha kuti kazinamiza kompyuta kuti ndi 256GB. Malo enieni akadzaza, kamapitiriza kuvomera mafayilo koma osawasunga paliponse, tina timalemba pamwamba pa akale. Mndandanda wa mayina umakhala wabwinobwino, n'chifukwa chake mukuona ngati zonse zilimo. Zomwe sizinalembedwe palibe pulogalamu yomwe ingazibweze, musalipire munthu aliyense wolonjeza zimenezo.

Koperani pulogalamu ya H2testw, ndi yaulere. Imadzaza flash yonse kenako n'kuwerenga kuti ione ngati zomwe inalemba zilimodi. Imatenga nthawi, koma siinama. Pa Linux ndi Mac pali F3. Ngati muli pa shopu ndipo mukufulumira, ValiDrive imayesa malo osiyanasiyana mofulumirirapo. Kuchita format sikuulula kanthu, ya feki imavomera format bwinobwino.

Wa ku Joni: Ma memory card a mafoni ndi makamera nawonso chimodzimodzi. Dzina la SanDisk kapena Kingston pa pakete silikutanthauza kanthu, mapaketewo amasindikiza okha. Ukaona 1TB pa mtengo wa 32GB, usagwire n'komwe.

Wa ku Chilomoni: Nanga flash yanga ya 64GB ikuonetsa 58GB, nayonso ndi feki?

Wa ku Chipata: Ayi, imeneyo ili bwino. Opanga amawerenga GB ngati ma byte 1,000,000,000, Windows imawerenga ndi ma 1024, ndiye 64 imatsika kufika 59 ndi kanthu, kwinako kumapita ku ntchito za mkati mwa flash.

Mlongo wa Mavidiyo: Zikomo kwambiri. Pali chinanso. Flash ina yomwe ndikudziwa kuti ndi yeniyeni imakana vidiyo ya 6GB, imati fayilo yakula, pomwe malo alipo ambiri.

Wa ku Chipata: Inachitidwa format ya FAT32, yomwe siilola fayilo imodzi kupitirira 4GB. Chotsani zomwe zilimo muichite format kukhala exFAT. Chenjezo n'lakuti ma TV ena akale sawerenga exFAT, ndiye funsani kasitomala kuti akaonera pa chiyani. Ngati ndi TV yakale, dulani vidiyo m'zigawo zosafika 4GB musiye FAT32.

Madala a DDR2: Mlongo, pa ntchito yanu flash ikhale yongoperekera kasitomala, osati yosungira. Ma flash ambiri ngakhale olembedwa USB 3.0 amawerenga mwachangu koma kulemba amachedwa, makamaka akatentha. Ndipo musasokonezeke ndi mayina, USB 3.0, 3.1 Gen 1 ndi 3.2 Gen 1 n'chinthu chimodzi, 5Gbps. USB 2.0 ndi 480Mbps, pa ntchito yeniyeni siipitirira 40MB pa sekondi. Ngati mumanyamula mavidiyo tsiku ndi tsiku, gulani SSD muiike mu kabokosi ka USB, idzakutumikirani bwino kuposa flash iliyonse ya mtengo wofanana. Ukwati sabwereza, choncho vidiyo iliyonse ikhale malo awiri osiyana mpaka eni ake atalandira n'kuonera.

Wa ma FPS: Poti tili pa ma flash, paja pali njira yosandutsa flash kukhala RAM? Mwina ingamuthandize wa ku Chilomoni podikira.

Madala a DDR2: Ukunena ReadyBoost, inabwera ndi Windows Vista. Siinali RAM, inkangothandiza hard disk yochedwa. Pa kompyuta ya SSD Windows yokha imakana kuiyatsa. DDR4 ya 3200 imanyamula 25GB pa sekondi pa njira imodzi, flash siingayandikire n'komwe.

Admin: Ndamata uthenga wa 12V uja ndi wa H2testw pamwamba pa gulu. Otsatsa malonda, lembani dzina lonse la power supply ndi chithunzi cha sitika, osangoti 500W.

Wa ku Chilomoni: Ndabwera ndi lipoti. Ndabwereka 550W ya mnzanga yokhala ndi waya wakewake wa 8-pin. Gemu yomwe inkazimitsa ija ndasewera madzulo onse, siinazime. RAM ya timagetsi ndaisiya, mawa ndikukagula power supply, yotsalayo ndiwonjezere voltage guard.

Mlongo wa Mavidiyo: Inenso H2testw yamaliza. Pa 256GB paja zabwino ndi 29GB yokha, kwina konse yalemba kuti data lost. Ndiitaye kapena ndizigwiritsa ntchito 29GB yomweyo?

Mkonzi wa ku Limbe: Pali njira yoidulira kuti izionetsa 29GB yokha, koma tima chip ta mu ma feki nthawi zambiri n'tomwe tinalephera mayeso ku fakitale, ndiye za kasitomala musaikemo. Jambulani zomwe H2testw yaonetsa mubwerere nazo komwe munagula.

Achimwene a ku Chilomoni, pogula mawa tsegulani bokosi pomwepo muone kuti waya wa PCIe 6+2 ulipo, ndipo musausokoneze ndi 4+4 wa purosesa, amafanana maonekedwe koma mkati ndi osiyana. Yakaleyo musaitsegule ngakhale itazulidwa pakhoma, ma capacitor akuluakulu amasunga magetsi oopsa. Ka adaputa kosungunukako kaduleni ndi pulayazi musanakataye, wina angakatole n'kukaika mu kompyuta yake.

Wa ku Chilomoni: Ndamva akulu. Ndikafika pa shopu nditumiza chithunzi cha sitika pano ndisanalipire.